Mayi Amene Ndinkati Ndinamuchiritsa

1

Funso limene ndimadana nalo pa ntchito yanga ndi lakuti, "Chinakukokerani ku ulangizi wa za maganizo n'chiyani?" Ndimadana nalo chifukwa oliyankha ambiri amanama, ndipo pa onamawo katswiri ndinali ine.

Ndine mkulu wa kachipatala ka uphungu kamene kali pamwamba pa sitolo ya mankhwala. Tili ndi zipinda zinayi. Chilichonse chili ndi mipando iwiri, bokosi la tishu ndi wotchi yapakhoma. Wotchiyo timaipachika kumbuyo kwa mpando wa wodzathandizidwa, kuti ife tiziona nthawi iye akuganiza kuti tikumuyang'ana mwachifundo. Mphindi makumi asanu zikakwana timamwetulira, kumuperekeza pakhomo, wina n'kulowa.

Anzanga apantchito ndinkawaona ngati ana. Panali bambo wina amene ndinkamutcha a Maitanidwe, chifukwa ukangomufunsa funso lija amagwira pachifuwa n'kunena kuti anachita kuitanidwa. Mapepala ake ndinawaona ine: sukulu ya udokotala inamukana katatu. Panalinso mayi wina amene ndinkamutcha Mpango. Ameneyo wodzathandizidwa akayamba kulira, iyenso maso amafiira, moti tishu wa m'chipinda chake ankatha msanga kuposa wa tonse. Yankho lake linali losakoma: "Kwathu kunali phokoso la makolo, ndiye ndinazolowera kumvetsera." Ndinkatsonya mumtima. Munthu wamkulu, wophunzira, n'kumayanika zakwawo pagulu choncho.

Ine ndinali ndi nkhani yanga, ndipo inali yokoma. Ndinkainena pa maphunziro a alangizi atsopano, pa misonkhano, paliponse pamene andipatsa mpata. Ndinkati munthu woyamba amene ndinamuthandiza anali mayi wina, telala, amene mwamuna womutomera anamusiya kutangotsala sabata imodzi kuti ukwati uchitike. Mayiyo anatenga lezala n'kuphwasula diresi la ukwati limene anasoka yekha, msoko ndi msoko, ulusi wake n'kumauika m'sosala, kambale koikapo kapu ya tiyi. Atamaliza anasiya kulankhula kwa miyezi isanu ndi iwiri. Ndinkati anabwera naye kwa ine, ndinakhala naye chete masabata asanu ndi atatu, ndipo sabata yachisanu ndi chinayi anakweza maso n'kunena kuti, "Zikomo."

Pamenepa ndinkaima kaye pang'ono, kenako n'kumaliza kuti, "Mawu amodzi amenewo ndi amene amandidzutsa m'mawa uliwonse." Anthu ankapukuta m'maso. Mpango yekha anaimva nkhaniyi kangapo konse, koma nthawi zonse ankalira ngati akuimva koyamba.

2

Lolemba lina m'mawa ndinatsegula chitseko cha ofesi yanga kuti ndiitane kalaliki wathu. Pa benchi yodikirira panali mayi wamtali, wa imvi zoyamba kumene, atakumbatira chikwama pamiyendo. Sanandione. Ndinabweza chitseko pang'onopang'ono.

Panali patapita zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndisanamuone, koma khosi limenelo ndi kakhalidwe kowongoka kameneko sindikanazisokoneza ndi za wina. Ndinadziwa nthawi yomweyo kuti mayi uyu akangotsegula pakamwa m'chipinda chilichonse cha pamalo pano, nkhani yanga ija yatha, ndipo dzina langa lipita nayo.

Ndinaimbira kalaliki pa foni ya mkati, ngakhale anali pafupi zedi.

"Mayi ali pabenchiyo akufuna chiyani?"

"Akufuna kuonana ndi mlangizi, abwana. Ndi ulendo wawo woyamba."

"Muwauze kuti tadzaza mpaka miyezi itatu."

"Iii, mwachedwa. Munthu wa naini koloko walephera kubwera, ndiye amayi a chipinda chachitatu ati awatenga."

Chipinda chachitatu chinali cha Mpango. Pa alangizi onse, anagwera kwa amene ankaidziwa nkhani ija pamtima kuposa onse.

Lamulo la ntchito yathu ndi lomveka, ndipo ndimaliphunzitsa ndine. Ukamudziwa munthu amene wabwera, umanena poyera, munthuyo n'kumutumiza kwina mwaulemu. Kunena kukanafuna kuti ndifotokoze kuti ndikumudziwa bwanji. Ndinakhala pansi n'kumayang'ana fayilo imene sindinkaiwerenga, mpaka ndinamva chitseko cha chipinda chachitatu chikutsekedwa.

3

Tsiku lomwelo pa nthawi ya tiyi ndinamupeza Mpango akutsuka kapu.

"Mwalemedwa ndi ntchito inu," ndinatero ndi mawu aja amene timawasungira odwala. "Mayi watsopano uja bwanji timutumize ku chipatala chachikulu?"

"Ayi, abwana, ndimukwanitsa. Lero sanalankhule zambiri, koma abweranso Lolemba."

"Wanena zotani?"

Anandiyang'ana modabwa. "Mukudziwa kuti sindingakuuzeni pano posukira makapu."

Kumeneko kunali kundiphunzitsa ntchito, ine amene ndinamulemba ntchitoyo.

Zimene ndinachita pambuyo pake ndizinena mosazungulira. Buku lolembamo masiku a anthu limakhala pa tebulo la kalaliki, ndipo limalembedwa ndi pensulo. Kalaliki atapita kukadya, ndinafufuta Lolemba la mayi uja n'kulemba Lachinayi, tsiku limene Mpango amakhala kunja. Pa Lolembalo ndinalembapo munthu wina. Mayi uja anabwera Lolemba, anauzidwa kuti wasokoneza tsiku. Anabwera Lachinayi, anauzidwa kuti mlangizi wake kulibe. Ndinkayembekezera kuti akwiya n'kusiya, monga amachitira ambiri. Sanakwiye. Anakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka nthawi yotseka, chikwama chili pamiyendo, osafunsa ngakhale madzi.

Sabata yotsatira ndinachitanso zomwezo. Masiku onsewo ine, mkulu wa malo, ndinkalowa ndi kutuluka pa khomo lakuseri kumene amatayako zinyalala, n'kumauza mlonda kuti ndikuyendera ukhondo.

Kunyumba ndinawauza amuna anga tili pa tebulo.

"Abwera kuntchito kwathu."

Sanafunse kuti ndani. Anaika supuni pansi. "Anena chiyani?"

"Sindikudziwa."

"Inu ndi amene munaphunzira zolankhula ndi anthu oterewa," anatero, n'kunyamuka kukayatsa wailesi. Bambo ameneyu moyo wake wonse mavuto amawathetsa ndi wailesi.

Sabata yachinayi Mpango analemba tsiku la mayi uja ndi bolopeni, n'kumupatsanso kapepala m'manja.

4

Lachitatu lililonse timakumana alangizi tonse kukambirana nkhani zovuta. Wina amafotokoza za munthu amene akumuthandiza, osatchula dzina, enafe n'kumamuunikira. Ine ndimakhala kumutu kwa tebulo. Msonkhanowu ndinkaukonda, chifukwa ndi pamene ndinkaonetsa aliyense pamene nzeru zake zathera.

Tsiku limenelo Mpango anatsegula fayilo yake.

"Ndili ndi mayi wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, telala. Wandilola kuti ndibweretse nkhani yake pano. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo mwamuna womutomera anamusiya kutatsala sabata imodzi. Anatenga lezala n'kuphwasula diresi lake la ukwati."

A Maitanidwe anaseka. "Musatiuze kuti ulusi ankauika m'sosala."

"M'sosala momwemo."

Maso onse anatembenukira kwa ine.

"Koma ndiye ikufanana ndi ija ya abwana," anatero a Maitanidwe, amene sanaphunzirepo kuona mphepo kumene ikulowera.

"Matelala osiyidwa ndi ambiri," ndinayankha. "Pitirizani, ndipo muchepetse zokometsera. Uno si msonkhano wa nthano."

Mpango sanakweze mutu. Anawerenga kuti mayiyo anakhala miyezi isanu ndi iwiri osalankhula, ndipo palibe mlangizi aliyense amene anamuonapo. Anayambanso kulankhula tsiku limene singano ya makina inamuboola chala n'kukuwa kuti, "Mayo!" Panalibe womumva. Anamanga chalacho ndi kansalu n'kupitiriza kusoka.

"Chimene chimamupweteka mpaka lero si mwamunayo," anapitiriza. "Ndi munthu amene mwamunayo anapita naye. Ndi amene ankamugwirira mapini poyesa diresi lija, ndiponso amene ankamutuma ndi mauthenga kwa mwamunayo. Anali mng'ono wake, bere limodzi."

Ndinafunsa mafunso awiri a m'buku, za kagonedwe ndi kadyedwe ka mayiyo, ndipo mawu anga sananjenjemere ngakhale pang'ono. Ndinatseka msonkhano nthawi isanakwane.

Mng'ono wakeyo ndine. Mwamunayo ndi bambo wa wailesi uja.

5

Sindikupatsani zifukwa, chifukwa zifukwa ndimazimva tsiku ndi tsiku ndipo ndikudziwa kutchipa kwake. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Achemwali anga ankandituma kwa chibwenzi chawo chifukwa iwo ankatanganidwa pa makina, akusoka kuti ine ndilipiridwe sukulu. Ndinkapita ndi uthenga wawo, n'kumabwerako ndi wanga. Kutatsala sabata imodzi, tinakwera basi awiriwiri.

Za lezala ndi sosala anandiuza ndi mayi athu, ulendo umodzi wokha umene ndinapitako. Anandiuza ali chiimire pakhomo, osandilowetsa. Kudzera pa zenera ndinawaona achemwali atakhala pabedi, akuyang'ana khoma. Sindinalowe, ndipo sindinabwererenso, ngakhale pa maliro a mayi.

Pambuyo pake kulikonse kumene ndinkapita anthu ankandifunsa mafunso. Kwanu n'kuti? Muli ndi abale? Munakumana bwanji ndi bambowa? Tsiku lina ndinaperekeza mnzanga kwa mlangizi, ndipo ndinaona chinthu chimene chinandikoka mtima. Mnzangayo anakhuthula zonse, mpaka zamkati mwa bulangeti. Mlangiziyo anangogwedeza mutu n'kumati, "Ndiye munamva bwanji?" Kwa ola lathunthu palibe anamufunsa iye kanthu. Ndinatuluka ndikudziwa ntchito imene ndikufuna.

Pa maphunziro anatiuza kuti aliyense alembe za munthu wovutika maganizo amene anamuonapo. Ndinalemba za telala uja, n'kusintha mathero. Aphunzitsi anandipatsa mamalikisi apamwamba, nandiuza kuti ndiiwerenge pamaso pa kalasi. Nditawerenga ndinamva kupepuka kumene ndinali ndisanakumvepo. M'nkhani imeneyo ndinali nditalowa m'chipinda chija n'kukhala pambali pawo. Ndinainena kachiwiri, kachitatu, mpaka masiku ena ndinkaikhulupirira ndekha.

Ntchitoyo ndimaidziwa, zimenezo musandilande. Pali amayi ambiri amene akugona tulo lero chifukwa cha ine. Koma aliyense wosiyidwa amene ankalowa m'chipinda changa ndinkamupatsa mtima wonse, kuti pofika madzulo ndizidziona ngati munthu.

6

Msonkhano utatha Mpango analowa mu ofesi yanga osagogoda. Maso ake anali ouma, koyamba chimudziwireni.

"Ndinazindikira tsiku lachiwiri," anatero. "Ndinawafunsa ngati akudziwa aliyense pano. Anati, 'Kaineneni nkhaniyo pa msonkhano wanu, ndipo iye akhalepo.'"

"Ndiye mwasangalala?"

"Ayi. Tsopano sindingapitirize nawo, lamulo mukulidziwa. Munthu wadikira zaka zonsezi kuti alankhule, wangoyamba kumene, ndipo ndiyenera kumuuza kuti akayambirenso kwa mlendo. Komanso pensulo ija imasiya zipsera pa pepala, abwana. Kalaliki analira poganiza kuti akusokoneza ndi iye."

Ndinafuna kumukumbutsa amene anamulemba ntchito, koma fisi akagwa m'mbuna salankhula.

"Achemwali anu ali m'chipinda choyamba," anatero. "Akuti akufuna akuoneni."

Chipinda choyamba ndi changa. Nditalowa ndinapeza achemwali atakhala pampando wanga, uja woyang'ana wotchi. Sindikudziwa ngati anachita dala. Unatsala unali mpando wa odzathandizidwa, wofewa, wotsika, umene ukakhalapo mawondo amakwera m'mwamba. Zaka khumi ndi zisanu ndili m'chipindamo ndinali ndisanaukhalepo.

"Wanenepa," anatero.

"Muli bwanji, achemwali?"

"Ndabwera kudzaona chipinda chimene ndinachiriramo." Anayang'ana makatani, bokosi la tishu, duwa lapulasitiki la pazenera. "Ndi chabwino. Sindikuchikumbuka, koma ndi chabwino."

Anandiuza mmene anamvera za nkhani yanga ija. Mayi wina anabwera kudzasoketsa siketi, ndipo akumuyeza m'chiuno anayamba kusimba za maphunziro amene anapitako. Anati kuli mlangizi wina wamtima wa golide amene anachiritsa telala wosalankhula. Anasimba zonse, lezala, sosala, mpaka zikomo uja, misozi ili m'maso.

"Ine ndili ndi tepi m'khosi, mapini kukamwa, ndikumva za moyo wanga kwa kasitomala. Anandifunsa kuti, 'Si zokhudza mtima, amayi?' Ndinati, 'Tembenukani ndiyeze kumbuyo.'"

"Achemwali, ndinali mwana..."

"Usandiyankhule ndi mawu a ntchito. Alamu anga ali bwanji? Akadali kuthawira ku wailesi?"

Ndinagwedeza mutu.

"Ameneyo khala naye, unandithandiza. Ndinamulira chaka chimodzi, kenako ndinaona kuti wanditula katundu. Sindinabwere kudzatenga mwamuna, ndipo kupepesa kwako sindikukufuna, kulibe pokuika." Anaweramira kutsogolo. "Koma miyezi isanu ndi iwiri ija inali yanga. Ndinaikhala ndekha. Ndinatulukamo ndekha, ndi chala chotupa. Unatenga mwamuna, ndinakusiya. Unatenganso ndi kukhala chete kwanga komwe, n'kumadyera pamenepo, anthu akukuombera m'manja. Ndinakuuza liti zikomo, iwe?"

Ndili ndi mayankho a mafunso onse amene munthu wosweka mtima angafunse. Ndinayang'ana bokosi la tishu.

"Ndafunsa funso."

"Simunandiuzepo."

"Ndiye ndikupempha chinthu chimodzi. Usadzainenenso. Kaya kwa ophunzira, kaya kwa ndani, kaya wasintha mathero, kaya wanena zoona. Si yako."

"Sindidzainenanso. Ndikulonjeza."

Anayang'ana pamwamba pa mutu wanga. "Nthawi yako yatha," anatero, n'kunyamula chikwama.

Mpango anawalembera kalata yopita nayo kwa mlangizi wina, kutali ndi ife. Patapita mwezi anaimba foni kumeneko kuti amve. Achemwali sanapiteko. Anauza Mpango kuti kuvula pamaso pa munthu mmodzi kunali kokwanira.

7

Mwina mukudikira kumva kuti anandichotsa ntchito. Sanandichotse. Mpango anakanena za buku lija kwa akuluakulu oyang'anira ntchito yathu, iwo anandipatsa kalata yochenjeza n'kundilamula kuti ndizikaonana ndi mlangizi wanga kamodzi pa mwezi. Ndimapitako. Ndi bambo waulemu, ndipo njira zake zonse ndimazidziwa asanaziyambe. Mpango anapempha kusamuka. A Maitanidwe akadalipo, akugwirabe pachifuwa.

Patapita miyezi itatu ndinaima pamaso pa alangizi atsopano makumi awiri. Mtsikana wina wakutsogolo anakweza dzanja n'kufunsa funso lija. Ndinati, "Ndimakonda kuthandiza anthu." Anazilemba m'kope mwake mwaulemu, koma ndinaona kuti wakhumudwa.

Inu owerenga, ndikudziwa mmene mwakhalira pamene mukuwerenga izi. Mwapukusa mutu, mwatsonya, ena mwaitana mnzanu kuti adzaone zimene anthu ophunzira amachita. Chitani, ndi zimene munagulira magazini ino. Koma musatengerepo mwayi wonena kuti alangizi onse ndi achinyengo. Ambiri anabwera ku ntchitoyi ndi bala, ndipo abwino mwa iwo ndi amene amalitchula balalo poyera, monga mayi uja amene ndinkamuseka chifukwa cha tishu. Iye ankadziwa chimene chinamubweretsa, n'chifukwa chake sichinkamulamulira. Mukadzakhala pampando wofewa uja, musaope mlangizi wa yankho losakoma. Muziopa wa nkhani yosalala, imene imakulizani pamalo oyenera.

Achemwali anga anafuna kulankhula kamodzi m'zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo ine ndinawatsekera khomo ndi labala wa pensulo. Anandipempha chinthu chimodzi chokha, chosavuta, chimene ngakhale mwana angachite. Ndinasunga lonjezolo miyezi isanu ndi umodzi. Ndinadziuza kuti kulemba si kunena, kuti sindinatchule dzina, kuti mwina zithandiza wina. Zifukwa zimenezi ndikanazimva kwa munthu wokhala pampando wofewa ndikanamufunsa modekha kuti akunamiza ndani.

Achemwali, makasitomala anu amasiya magazini pa benchi ya mu shopu yanu, ndipo ndikudziwa kuti mumawawerenga ntchito ikachepa. Ndainenanso.